Mafunde Osaoneka: Kuyambira pa Wailesi ya Sefuliya Kufikira pa Milongoti ya Mafoni

Munthu akaimirira pa msika wa ku Chawama kapena ku Mtendere nakweza maso, amaona mlongoti wachitsulo utatalika kupambana nyumba zonse ndi mitengo yomwe. Mlongotiwo umatumiza ndi kulandira mafunde amene maso sangathe kuwaona, ndipo ndi mafundewo amene amanyamula mau a pa foni. Alipo anthu m'makomboni mwathu amene amanena kuti chiimikire milongotiyi mutu sukuwapatsa mtendere ndipo tulo tinawathawa. Kodi nzoona kuti mafunde amenewa amadwalitsa? Funsoli silinayambe lero. Kuti tiliyankhe bwino tiyenera kubwerera m'mbuyo, ku masiku amene wailesi inali mlendo mu Lusaka.

Mafunde a wailesi anadziwika m'zaka za 1887 ndi 1888, pamene Heinrich Hertz wa ku Germany anaonetsa kuti mphamvu ya magetsi ingathe kuoloka chipinda popanda waya. Mu 1901 Guglielmo Marconi anatumiza chizindikiro kuchokera ku England, nichimveka kutsidya lina la nyanja ya Atlantic. Kuno kwathu kuulutsa mau kunayamba mu 1941, mkati mwa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Boma la Northern Rhodesia linakhazikitsa kanyumba ka wailesi mu Lusaka, makamaka kuti anthu azimva za nkhondo imene ana awo anapita kukamenya. Koma mawailesi anali a mtengo wapatali, kotero kuti anthu ankasonkhana pa boma, pa misyoni kapena kwa mfumu kuti amvere pamodzi.

Harry Franklin, mkulu wa zofalitsa nkhani m'boma la nthawiyo, anafunafuna kampani yoti ipange wailesi imene munthu wamba angakhoze kugula. Kampani ya Ever Ready ya ku Britain inavomera, ndipo mu 1949 inatulutsa kawailesi kozungulira, ka mtundu wobiriwira ngati thambo, kooneka ngati sefuliya yopanda chogwirira. Chifukwa cha maonekedwe akewo kanatchedwa Saucepan Special. Mtengo wake unali mapaundi 5, ndipo batire lake mashilingi 25. M'zaka zowerengeka mawailesi otere zikwi zambiri analowa m'nyumba za anthu akuda. Nyumba ya wailesi ya mu Lusaka, imene inkatchedwa Central African Broadcasting Station, inkaulutsa m'Chinyanja, Chibemba, Chitonga, Chilozi, Chishona, Chindebele ndi Chingerezi, ndipo mau ake ankafika ku Nyasaland ndi ku Southern Rhodesia. Ku Matero ndi ku Chilenje, nyumba imene inali ndi wailesi inkadzaza alendo madzulo alionse, odzamvera nyimbo za Alick Nkhata ndi moni wochokera kwa abale akutali.

Chikondi chimenechi chinasokonezeka m'zaka za 1952 ndi 1953. Azungu ankafuna kulumikiza maiko atatu kuti apange Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo anthu akuda anachikana kwamtuwagalu. Pa nthawi yomweyo inabuka mbiri ya banyama, anthu amene ankanenedwa kuti amagwira anzawo usiku ndi kuwapopa magazi. Peter Fraenkel, mmodzi wa ogwira ntchito pa wailesiyo, anasimba zimenezi m'buku lake lotchedwa Wayaleshi, limene linatuluka mu 1959. Iye anafotokoza kuti aulutsi achikuda anayamba kulozedwa chala. Anthu ankaganiza kuti mwana wa m'dziko muno sangawerenge nkhani zokomera Chitaganya ndi mtima wake, pokhapokha ngati banyama am'landa nzeru. Aulutsi ena anaopsezedwa, nakhala mwamantha m'nyumba zawo zomwe.

Ana inu, taonani bwino chimene chinachitika apa. Banyama kunalibe, ndipo m'kasefuliya kaja munalibe mankhwala olanda nzeru. Komabe mantha a anthu sanali opanda pochokera. Dziko lawo linali kuperekedwa m'manja mwa ena iwo asanavomere, ndipo Chitaganya chinakhazikitsidwadi mu 1953, nichikhala mpaka pa 31 December 1963. Nkhawa inali yoona, koma chimene anachiloza chala sichinali chimene chinawalakwira. Sungani mfundo imeneyi, pakuti tikumana nayonso.

Zaka zinapita. Wailesi ya kanema inayamba ku Kitwe mu 1961, mbale yaikulu yolankhulana ndi setilaiti inatsegulidwa ku Mwembeshi mu 1974, ndipo mafoni a m'manja anafika m'dziko muno m'zaka za m'ma 1990. M'menemo nkuti ku Ulaya kutabuka dandaulo lachilendo. M'zaka za m'ma 1980, anthu ena ogwira ntchito m'maofesi ku Sweden ndi ku Norway anayamba kunena kuti nkhope zawo zimafiira ndi kuyabwa akakhala pafupi ndi makompyuta. Pambuyo pake ena anati mutu umawapweteka, amatopa msanga, mtima umagunda kwambiri ndipo sagona tulo akayandikira foni, mlongoti kapena nthambo za magetsi. Vutoli analitcha electromagnetic hypersensitivity, kutanthauza kuti thupi limamva mafunde a magetsi mopitirira muyeso. Sanali anthu wamba okha ai. Mu 2002 Gro Harlem Brundtland, dokotala amene anakhalapo nduna yaikulu ya dziko la Norway, ndipo pa nthawiyo anali mkulu wa bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO, ananena poyera kuti foni ya m'manja imam'pweteketsa mutu. Ku America ena anasamuka m'mizinda nakakhala ku Green Bank, kumudzi kumene mafunde a wailesi amaletsedwa pofuna kuteteza makina openyera zakuthambo.

Madokotala anapezeka pa mphambano. Kuti nthenda ivomerezedwe, pafunika njira yoipimira. Malungo amaoneka m'dontho la magazi, chifuwa chachikulu chimaoneka m'makhololo, koma pa vuto ili magazi ndi ziwalo sizinaonetse chizindikiro chimodzi chopezeka mwa odwala onse. Tsono akatswiri anakonza mayeso otere. Wodwala amakhala m'chipinda momwe muli kabokosi kotulutsa mafunde onga a foni. Nthawi zina kabokosiko kamayatsidwa, nthawi zina kamakhala kozima, koma maonekedwe ake sasintha. Wodwalayo sadziwa ngati kayaka, ndipo wom'funsa mafunso nayenso sadziwa, kuopa kuti angaulule ndi nkhope. Kenaka wodwala amanena ngati akumva kupweteka, ndiponso ngati akuganiza kuti kabokosi kayaka.

James Rubin ndi anzake a pa King's College ku London anasonkhanitsa mayeso otere okwana 31 mu 2005, ndipo mu 2010 anafika pa mayeso 46 a anthu 1,175. Chimene anapeza ndi ichi: odwalawo sankatha kudziwa nthawi imene kabokosi kayaka kupambana munthu wongolota, ndipo mutu unkawapweteka chimodzimodzi ngakhale kabokosi kali kozima. Mu 2013 panatuluka zotsatira za mayeso ena a anthu 147. Ena mwa iwo anayamba aonetsedwa kanema woopseza za mafunde a intaneti, kenaka onse anawaika pafupi ndi makina amene sankatulutsa kanthu. Oposa theka ananena kuti akumva zowawa, ndipo amene anali ndi nkhawa kale naona kanema uja ndiwo anamva kwambiri. Akatswiri amatcha zimenezi nocebo. Tanthauzo lake ndi lakuti munthu akayembekeza kuti chinthu chim'pweteka, thupi lake limatha kumvadi kupwetekako. Nonse mukudziwa m'mene m'mimba mumawirira tsiku la mayeso a giredi 7, ngakhale simunadye choipa. Kuwirako si bodza, koma sikuchokera m'chakudya.

Bungwe la WHO linaitanitsa msonkhano wa akatswiri ku Prague mu October 2004, ndipo mu December 2005 linalengeza maganizo ake. Linati zowawa zimene anthuwa amamva ndi zenizeni ndipo nthawi zina zimam'lepheretsa munthu kugwira ntchito, koma palibe umboni wakuti zimachokera ku mafunde, ndipo dzina lija si dzina la nthenda imene dokotala angaipime naipeza. Linalangiza madokotala kuti azim'pima wodwala mokwanira, kufunafuna nthenda zina zimene zingakhale zitabisala, ndi kuonanso za malo amene iye akukhala ndi kugwirako ntchito.

Mkangano sunathere pomwepo. Dziko la Sweden limathandiza anthu otere monga anthu amene thupi lawo likulephera kuchita zina, koma silinavomereze kuti imeneyi ndi nthenda yobwera ndi magetsi. Mu 2015 bwalo la milandu la ku Toulouse m'dziko la France linagamula kuti mai wina wodandaula za vutoli azilandira ndalama za chithandizo mwezi ndi mwezi. Koma bwalo limaweruza ngati munthu akufunika thandizo, siliweruza chimene chinam'dwalitsa. Odwala ambiri amaona kuti akuyesedwa abodza, pamene madokotala amaopa kuti akavomereza dzina lopanda umboni, munthu adzathawa foni nasiya nthenda yeniyeni ikum'dya.

Nanga mafundewa ndi otani? Mafunde a wailesi, kuwala kwa dzuwa ndi cheza cha ekisire ndi a banja limodzi, koma mphamvu zawo nzosiyana kutalitali. Cheza cha ekisire, chimene Wilhelm Röntgen anachitulukira mu 1895, chimatha kuononga timagawo ting'onoting'ono ta m'thupi, nchifukwa chake ojambula ku chipatala amabisala kuseri kwa chotchinga. Mafunde a wailesi ndi a foni alibe mphamvu yotero. Akachuluka kwambiri amangotenthetsa, ndipo pa chifukwa chimenechi pali malire a mphamvu amene makampani sayenera kupitirira. Kuno kwathu oyang'anira zamafoni ndi bungwe la ZICTA. Mphamvu ya mafunde imachepa msanga munthu akamatalikira, kotero kuti foni ili pa khutu imapatsa mutu mafunde ambiri kupambana mlongoti uli pa msika. Za khansa, mu 2011 nthambi ya WHO yofufuza nthendayi inaika mafundewa m'gulu la zinthu zimene mwina zingayambitse khansa koma umboni wake ndi wochepa. Mu 2024 kafukufuku wamkulu amene WHO inalamula sanapeze mgwirizano pakati pa mafoni a m'manja ndi khansa ya mu ubongo.

Mu 2020, mliri wa COVID-19 utabuka, inafala mbiri yakuti nthendayo ikuchokera ku milongoti ya 5G. Ku Britain anthu anatentha milongoti, ndipo mu January 2021 zomwezo zinachitika ku KwaZulu-Natal m'dziko la South Africa. Uthengawo unafikanso m'mafoni a ku Kanyama ndi ku George, chonsecho 5G inadzayamba m'dziko muno mu November 2022, mliri utapha kale anthu ambiri. Mbiri yotere si yoseweretsa. Kumayambiriro kwa 2020, mantha a anthu othira gasi m'nyumba, amene anayambira ku Chingola nafika mu Lusaka, anachititsa kuti magulu a anthu aphe anzawo ambiri pongowaganizira. Ndi nkhani ya banyama yomwe ija, yangosintha malaya.

Aphunzitsi, mwana akamadandaula mutu masiku ndi masiku, musamuseke ndipo musamunene kuti ndi waulesi. Kupweteka kwake ndi koona. Koma musathamangirenso kuloza mlongoti. Funsani ngati wadya, ngati wamwa madzi, ngati amagona mokwanira, ngati amaona bwino zolembedwa pa bolodi. Uzani makolo apite naye ku kiliniki akam'pime malungo ndi kuchepa kwa magazi. Funsaninso ngati kwawo amagona ndi mbaula m'nyumba, makamaka m'miyezi yozizira ya June ndi July. Makala oyaka amatulutsa mpweya wopanda mtundu ndi fungo, umene umayamba ndi kupweteketsa mutu ndi chizungulire, ndipo mazenera akakhala otseka umapha banja lonse lili m'tulo. Tizilombo ta kolera natonso sitioneka ndi maso, koma tinapezeka m'madzi a m'zitsime zosazama za ku Kanyama pa mliri wa 2017 ndi 2018, ndipo mu 2024 tinachedwetsa kutsegulira kwa sukulu m'dziko lonse. Zosaoneka zoopsa zilipodi. Timazidziwa chifukwa zinapimidwa ndipo zinapezeka.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha, natinso safunsa anadya phula. Mukamva mbiri yoopsa, funsani kuti waiona ndani, anaipima bwanji, ndipo ena atayesanso anapeza chiyani.

Nayi ntchito ya m'kalasi. Choyamba, funsani agogo anu ngati anaonapo wailesi ya sefuliya, ndipo mulembe zimene akuuzeni. Chachiwiri, fotokozani chifukwa chake pa mayeso a kabokosi aja wofunsa mafunso nayenso sayenera kudziwa ngati kayaka. Chachitatu, tchulani zinthu zinayi za m'komboni mwanu zimene zingapweteketse mutu, ndipo munene chimene mungachite pa chilichonse.