Msilikali wa kwathu amene alibe manda

Kumanda a kwathu ku Ntcheu agogo anga aakazi amadziwa pamene pagona m'bale wawo aliyense, kupatula mmodzi. Mchimwene wawo wamkulu analowa Keyala, gulu la asilikali la King's African Rifles, pa Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse. Iwo anali kamtsikana pamene ankamuperekeza mpaka pamsewu. Patapita zaka, mesenjala anafika kwa amfumu ndi uthenga woti anamwalira ku Burma. Maliro analiridwa popanda mtembo.

Ndili mwana ndinkayesa Burma ndi dzina la m'nthano. Ndakazindikira kuyunivesite kuti ndi dziko limene lero timati Myanmar. Asilikali a ku Nyasaland anali m'gulu la 11th East African Division, limene linakakonzekera ku Ceylon mu 1943. Mu 1944, mvula ili pachimake, analowa m'chigwa cha Kabaw kuthamangitsa asilikali a Japan mpaka kumtsinje wa Chindwin. Matope, malungo ndi matenda ena zinkagwetsa anthu osaomberedwa n'komwe. Mnyamata wozolowera khasu ndi mtsiro wa kwathu anakathera m'nkhalango imeneyo.

Anapitiranji? Agogo amangoti, "Msonkho, mwanawe, ndiponso amfumu anauzidwa kuti apereke anyamata." Yankho limeneli limandikumbutsa John Chilembwe, amene mu 1914 analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti osauka ndiwo amatumizidwa kukafera nkhondo ya eni ake, n'kusiya akazi amasiye ndi ana. Patadutsa zaka 30, zinali zomwezo.

Chaka chilichonse mu Novembala akuluakulu amayala nkhata zamaluwa, malipenga n'kumalira. Ku Zomba kuli chipilala cha Keyala. Ku Taukkyan, pafupi ndi Yangon, kuli chikumbutso cha maina pafupifupi 27,000 a asilikali opanda manda odziwika. Mu 2021 bungwe la Commonwealth War Graves Commission linavomereza kuti anthu osachepera 116,000 amene anafa pa nkhondo yoyamba, ambiri a iwo a ku Africa, sanakumbukiridwe ndi maina awo. Choncho kuiwalika kwa anthu athu sikunayambe lero.

Komatu atsamunda tisawasenzetse mlandu wonse. Ife timaloweza za Hitler ndi Churchill kuti tikhoze mayeso, koma agogo ali pakhonde sitiwafunsa kanthu. Kwathu munthu yekhayo amene anaona nkhope ya msilikali uja akuyandikira zaka 90. Tsiku limene adzagone, iyenso adzafa kachiwiri.

Tchuthi chapitachi ndinakhala nawo pamphasa, n'kujambula mawu awo pafoni. Anatchula dzina lake, mfunda wake, ndiponso kuti ankayenda motsimphina pang'ono chifukwa cha chilonda cha paubwana. Ndalemba zonse m'kope. Achibale tagwirizana kuti pomanga chiliza cha amayi awo chaka chamawa, dzina lake lilembedwe m'munsi mwake.

Nanunso mukapita kumudzi, kafunseni: kwathu kuno ndani anapita ku Keyala osabwerako?