Mpeni wa Okapi: n'cifukwa ciyani ena amausunga ngati cuma?

Kodi kunyumba kwanu kuli mpeni wopinda, uja pa Cipwitikizi amati canivete? Kwa ambiri a ife ndi cida basi. Timasendera nzimbe, kudulira cingwe, kutumbulira nsomba. Ukatha timagula wina. Koma kuli anthu ena amene amagula mipeni yotereyi osafuna kudulira kanthu. Amaisonkhanitsa, kuipukuta, n'kuisunga m'bokosi. Wina amakhala nayo yambirimbiri, koma akufunabe ina. Kodi amaona ciyani pa mpeni? Tiyeni titenge mpeni umene timaudziwa bwino kuno, wa Okapi.

Mpeni umenewu unayamba kupangidwa m'caka ca 1902 mumzinda wa Solingen, ku Germany. Mzindawu ndi wochuka kuyambira kale pa nchito yosula mipeni, malumo ndi malupanga. Okapi sanaupangire anthu a ku Germany kwenikweni. Anaupanga kuti azikaugulitsa kunja, makamaka kuno ku Africa. Dzina lake ndi la nyama ya m'nkhalango za ku Congo. Nyamayi ndi mbale wa nyamalikiti, koma miyendo yake ili ndi mizere ngati ya mbidzi. Akatswiri a ku Ulaya anali atangoidziwa kumene mu 1901, ndiye dzina lake linali m'kamwam'kamwa.

Mu 1988 makina opangira mpeniwu pamodzi ndi dzina lake zinagulidwa n'kupita ku South Africa. Fakitale yake inakhazikitsidwa ku Isithebe, m'cigawo cimene lero cimachedwa KwaZulu-Natal.

Caka cimeneci musaciiwale, cifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Munthu wosonkhanitsa mipeni akaugwira Okapi sayamba n'kuyesa kuthwa kwake ai. Amautsegula n'kuyang'ana zilembo zimene anadinda pa citsulo. Inunso tsegulani wanuwo, muupendeketse padzuwa, muwerenge pang'onopang'ono. Mukaona mau akuti Germany kapena Solingen, ndiye kuti mwina muli ndi wakale uja, wa 1988 isanafike. Mukaona South Africa, ndi wa pambuyo pake. Onse awiri amadula bwino. Koma wa ku Germany sakupangidwanso, ndipo cinthu cikasiya kupangidwa cimayamba kusowa. Caka ciliconse ina imathyoka, ina imataika m'munda, ina imadyeka ndi dzimbiri. Yotsalayo ndi imene anthu amaisakasaka.

Ndanena kuti "mwina" dala. M'misika muli mipeni yambiri yongotengera Okapi, ndipo zilembo nazo amatha kubera. Wodziwa amayang'ana ngati zilembo zinalowa bwino m'citsulo, ngati misomali ya pa cogwirira ili yolimba, ndiponso ngati citsulo sicikugwedera mpeni uli cotsegula.

Cina cimene cimakopa anthu ndi katsekedwe kake. Pa Okapi wamkulu, kumsana kwake kuli kacitsulo kaatali kokhala ndi kamphete. Kumapeto kwa citsulo codulira, kuja kobisika m'cogwirira, kuli timano. Mukamatsegula, timano tija timakhuza kacitsulo kakumsana, ndipo mumamva kuti khethe, khethe, khethe. Pomaliza mpeni umakhoma. Sungapindike wokha n'kukucekani zala. Kuti muutseke, mumakoka kamphete kaja, kacitsulo n'kunyamuka, kenako mumapinda. Zala zicoke panjira ya citsulo, conde. Ndi nzeru yapafupi, yopanda tizitsulo tambiri, ndipo m'maganizo mwanga ubwino wa mpeniwu uli pomwepa. Kulira kuja n'kumene kunacititsa kuti ku Jamaica aupatse dzina lakuti ratchet.

Palinso maonekedwe. Cogwirira cake n'cathabwa, cokhota pang'ono, ndipo pa mipeni yambiri anakhomererapo kamwezi ndi nyenyezi zacitsulo. Ilipo yaikulu, yaing'ono, ya nsonga yosongoka, ya nsonga yobuntha. Wosonkhanitsa amafuna akhale ndi mtundu uliwonse. Akasowa umodzi, mtima sukhala pansi.

Khalidwe limeneli si la okonda Okapi okha. Ku France kuli mpeni wa Opinel, umene Joseph Opinel anayamba kupanga mu 1890. Iye anaipatsa manambala, kuyambira 1 mpaka 12, malinga ndi kukula kwake. Nambala 1 ndi nambala 11 anasiya kupanga kalekale, ndiye amene ali nayo amainyadira. Kamphete kokhomera mpeni ka Opinel kanabwera mu 1955. Conco munthu wodziwa akaona Opinel wamkulu wopanda kamphete, amayamba kale kuwerengera zaka.

Mbiri ya Okapi si yoyera yokhayokha. Popeza unali wochipa ndiponso wosavuta kubisa, ku South Africa unadziwika ngati mpeni wa atsotsi, ndipo ku Jamaica anyamata ovuta a m'zaka za m'ma 1960 ankayenda nawo. Osonkhanitsa ena amakopeka ndi mbiri yoipayo. Ine sindiona cosangalatsa pamenepo. Manja ambiri amene anaugwira ndi a alimi, asodzi, abusa a ng'ombe ndi anchito a m'migodi.

Tsono ngati muli nawo wakale, musafulumire kuganiza kuti mwatola cuma. Okapi anapangidwa wambiri zedi, ndipo unyinji wake ngwa mtengo wochipa mpaka lero. Umene umakwera mtengo ndi wakale, wa mtundu wosowa, wa zilembo zowerengeka, ndiponso wosanoledwa kwambiri. Ambiri athu amalakwitsa apa. Akafuna kugulitsa amaukwecesa ndi mcenga kuti uwale. Aa, pamenepo mwaononga! Mcenga umafufuta zilembo, ndipo zilembo zikapita palibenso umboni wa kumene mpeni unacokera. Citsulo ca Okapi wakale cimada cikamakalamba. Kudako si vuto, wogula wodziwa amakukonda. Vuto ndi dzimbiri lofiira lija, limene limadya citsulo n'kusiya maenje.

Kasamalidwe kake n'kosavuta. Mukadulira cinthu conyowa, monga nsomba kapena ndimu, pukutani mpaka uume. Dontheserani kadontho ka mafuta a makina osokera pamene mpeni umapindikira, ndipo ena pang'ono mupake pa citsulo. Musausiye m'madzi, thabwa limatupa n'kung'aluka. Ngati ndi wa agogo ndipo mufuna kuusunga, lekani kuunola pamwala. Gulani wina watsopano wa kumunda. Ndipo pakapepala lembanipo dzina la mwini wake woyamba, kumene anaugula, ndi caka ngati alipo wokumbukira. Kapepalako mukaike m'bokosi limodzi ndi mpeniwo.