NYIMBO YA BEETHOVEN M'MBALE ZA GALAMAFONI

Pa 22 December 1808 anthu a mumzinda wa Vienna anasonkhana m'nyumba ya masewera yochedwa Theater an der Wien kudzamva nyimbo zatsopano za Ludwig van Beethoven. Inali nyengo ya cisanu coopsya, ndipo anakhala pa mipando maora anai alikunjenjemera. Oimba sanaphunzire bwino nyimbozo, kotero kuti pa nyimbo yotsiriza anasokonezana, Beethoven nawaletsa kuti ayambenso. Usiku wobvuta umenewu ndi pamene inamveka koyamba nyimbo imene lero ichedwa Symphony No. 5, kapena kuti Yacisanu.

Mwini nyimboyi anabadwira ku Bonn m'caka ca 1770, nasamukira ku Vienna mu 1792. Asanakwane zaka 30 makutu ace anayamba kugontha. Kwa mlimi kapena mmisiri wa matabwa ugonthi ndi bvuto lopiririka, koma kwa munthu wodyera nyimbo ndi maliro a munthu wamoyo. Mu 1802, ali pa mudzi wa Heiligenstadt, analembera abale ace awiri kalata yoonetsa kuti anafika poganiza zodzipha, ndi kuti nchito yace yokha ndiyo inamgwira dzanja. Kalatayo sanaitumize ai. Inapezeka m'katundu wace atamwalira mu 1827. Patapita zaka ziwiri cilembere kalata ija, anayamba kupeka Yacisanu.

Symphony ndi nyimbo yaitali imene kawiri-kawiri ikhala yopanda mau a pakamwa, yoimbidwa ndi gulu lalikuru lochedwa orchestra: mazeze a Azungu ang'ono ndi akuru, zitoliro, malipenga ndi ng'oma, zonse pansi pa dzanja la mtsogoleri mmodzi. Yacisanu iri ndi zigawo zinai, ndipo itenga mphindi 30 kapena 35. Ciyambi cace ndi kugunda kunai kokha, kutatu kwafupi ndi kumodzi kwakutali. Mlembi wace Anton Schindler anasimba kuti Beethoven anafanizira kugunda kumeneku ndi tsoka logogoda pa citseko, koma Schindler anagwidwa m'mabodza ambiri, ndipo anthu ophunzira sakhulupirira nkhaniyo. Cimene makutu angacitire umboni ndi ici: nyimboyi iyamba ngati ndeu, nitha ngati cikondwerero. Pakati pa cigawo cacitatu ndi cacinai palibe mpumulo. Zoimbira zonse zitsika mpaka kunong'ona, ng'oma yokha nigunda pansi-pansi monga mtima wa munthu wodwala, ndipo mwadzidzidzi gulu lonse liphulika pamodzi ndi malipenga akuru ochedwa trombone, amene akhala cete kuyambira paciyambi kulindira nthawi yomweyo.

Kwa zaka zana munthu wofuna kumva nyimboyi anayenera kupita kumene kuli orchestra, kapena kuiyesa yekha pa piano. Thomas Edison anapanga makina ogwira mau mu 1877, ndipo mu 1887 Emile Berliner anatulukira mbale yaphanthi-phanthi, kholo la mbale zonse za galamafoni. Koma makina oyambawo anakonda mau a munthu mmodzi kapena lipenga limodzi. Khamu la zoimbira linawalaka. Friedrich Kark anayesa Yacisanu mu 1910 ndi gulu la kampani ya Odeon. Mbale zimene zinachuka ndi za mu November 1913, pamene Arthur Nikisch anaijambulitsa ndi gulu la Berlin Philharmonic.

Masiku amenewo kunalibe microphone. Oimba anapanikizana m'cipinda cacing'ono patsogolo pa lipenga lalikuru lacitsulo, ndipo mphamvu ya mau ao yokha ndiyo inagwedeza singano yolemba mizere pa phula. Wolira mofatsa anamuika pafupi, wolira mwaukali anamkankhira kumbuyo. Mau otsika a mazeze akuru sanali kulowa bwino, cotero m'nyumba zambiri zojambulira anali kuwathandiza ndi lipenga lonenepa lochedwa tuba. Wina akalakwa panalibe kufafaniza. Phulalo linatayidwa, onse nayambanso. Nyimbo yonse inalowa pa mbale zinai, mbali zisanu ndi zitatu.

Womvera mbale za Nikisch lero ayamba wamva phokoso lokha-lokha, longa mvula pa denga la malata. Ng'oma sizimveka kweni-kweni, ndipo gulu lonse likhala ngati liri m'botolo. Komabe khutu likazolowera, pamaoneka munthu. Nikisch akoka mau otalika aja mpaka womvera abanika, athamanga pamene mtima wace watentha, nacedwa pamene wafatsa, osaopa kuti wina amfunsa. Iye anabadwa mu 1855, ndipo ali mnyamata anaimba zeze pansi pa Richard Wagner mu 1872. Motero mbale zokandikazi ndi zenera lopenyera m'mene anthu oleredwa ndi mbadwo wotsata Beethoven anamvera nyimbo yace. Cifukwa ca ici siziyenera kusekedwa.

Mu 1925 magetsi analowa m'nchito yojambula, microphone nitenga malo a lipenga lija, ndipo ng'oma zinayamba kumveka ngati ng'oma. Bvuto limodzi linatsala. Mbale yozungulira ka 78 pa mphindi inali kutha pa mphindi zinai ndi pang'ono. Akulu amene anali ndi galamafoni yopukusa m'makomboni a ku Migodi akumbukira nchito yace: kupukusa, kusintha singano, kutembenuza mbale. Pa nyimbo yobvina palibe kanthu. Koma munthu womvera Yacisanu pa mbali zisanu ndi zitatu anayenera kunyamuka kasanu ndi kawiri, nkhani yace iri pakati.

Nkhondo yaciwiri inaipatsa nyimboyi nchito imene mwini wace sanailote. Mu January 1941 Victor de Laveleye, munthu wa ku Belgium wolankhula pa wailesi ya BBC ku London, anapempha anthu a kwao kuti alembe cilembo V pa makoma, cizindikiro ca kupambana. Kunapezeka kuti m'kalembedwe ka Morse, ka pa telegalamu, V ndi madontho atatu ndi mzere umodzi, ndiko kugunda kuja kwa Beethoven. BBC inayamba kutsegula nako mau ace opita ku maiko ogwidwa ndi Hitler, ndipo James Blades, amene anajambulitsa cizindikirocho, anaciimba pa ng'oma ya ku Africa. Motero nyimbo ya mwana wa Germany inasanduka mfuu ya adani a Germany.

Koma ku Berlin nakonso sanaisiye. Mu June 1943 Wilhelm Furtwängler anaiimbitsa ndi Berlin Philharmonic, akatswiri a wailesi naijambula pa tepi, cinthu catsopano masiku amenewo. Nkhondo itatha asilikari a Russia anatenga matepiwo kunka nao ku Moscow, ndipo anabwerera kwao patapita zaka zoposa 40. Kuimba kwa usiku umenewo nkoopsya. Pa malo aja a kunong'ona Furtwängler acedwetsa gulu mpaka womvera ayesa kuti makina aima, ndipo cikondwerero cikafika cimveka ngati ca anthu othawa moto. Za munthuyo anthu atsutsana kufikira lero. Sanalowe cipani ca Nazi, ndipo anapulumutsa oimba ena Aciyuda. Komanso anakhalabe m'dzikomo, boma loipalo nilidzikometsa ndi dzina lace. Mlandu wace utaweruzidwa analoledwa kubwerera, ndipo pa 25 May 1947 anaimanso patsogolo pa gulu lace m'mzinda wogumuka. Nyimbo yotsekera inali Yacisanu yomweyo.

Arturo Toscanini wa ku Italy anayenda njira yina. Mu 1931 anamenyedwa ku Bologna cifukwa cokana kuimbitsa nyimbo ya cipani ca Mussolini, ndipo mu 1933 anakana kukaimbitsa ku Bayreuth m'dziko la Hitler. Mu May 1945 anaimbitsa Yacisanu pa wailesi ya NBC ku New York pokondwerera kutha kwa nkhondo ku Ulaya. Mbale yace ya 1952 ndi youma, yacangu, yakuthwa ngati nkhwangwa yonola. Sakoka mau, sanyengerera. Kuiika pambali pa ya Furtwängler, mlendo angakane kuti onse awiri anawerenga pepala limodzi. Anthu okonda mbale akangana pa awiriwa monga amakanganira matimu a mpira, ndipo mkanganowo suli wacabe, pakuti funso lace ndi lakuti mtsogoleri ali kapolo wa zolembedwa kapena mwini wace waciwiri.

Mu 1948 kampani ya Columbia inatulutsa mbale ya LP, yozungulira pang'ono-pang'ono, yosenza mphindi zoposa 20 mbali imodzi. Tsopano cigawo cacitatu cinatha kulowa m'cacinai popanda dzanja la munthu kudula. Pa mbale zotere panachuka maina awiri a nyumba imodzi. Erich Kleiber, amene anataya nchito yace yapamwamba ku Berlin posafuna kugwadira a Nazi nasamukira ku Buenos Aires, anajambulitsa Yacisanu ku Amsterdam mu 1953. Mwana wace Carlos sanafune kuti atsate nchito ya nyimbo, namtumiza ku Zürich kukaphunzira chemistry. Mwanayo sanamve. Mu 1974 anajambulitsa nyimbo yomweyo ndi Vienna Philharmonic, ndipo ambiri aiyesa mbale yoposa zonse. Iri ndi liwiro la Toscanini ndi moto wa Furtwängler, koma ulemu wace weni-weni uli pa kanthu kakang'ono. Pakati pa ndeu ya cigawo coyamba gulu lonse liima, citoliro cimodzi cochedwa oboe nicilira cokha kamphindi, ngati mwana wotsala pa bwalo anthu atabalalika. Carlos Kleiber acipatsa mpata wonse, osacifulumiza, kenaka ndeu ibuka pomwe inalekera. Iye anamwalira mu 2004, atasiya mbale zowerengeka.

Beethoven mwini anasiyako mau pa mkangano wa liwiro. Mu 1817 anasindikiza manambala a metronome, kacipangizo kogunda ngati koloko, ndipo pa cigawo coyamba anaika 108 pa mphindi. Atsogoleri ambiri akale anayesa nambala imeneyi yothamanga mopambanitsa, ena nati kacipangizo kace kanali kakufa. John Eliot Gardiner, m'mbale zace zoturuka mu 1994, anaitsata, ndi zoimbira zopangidwa monga za masiku a Beethoven: nsambo za matumbo a nkhosa, malipenga opanda mabatani, ng'oma zacikopa zogundidwa ndi timitengo touma. Kulira kwace nkopepuka ndi kwaukali, ndipo zitoliro zimene zinali kumira zimveka bwino. Koma wozolowera mbale zakale adzasowamo kulemera kuja kogwedeza cifuwa.

Wocedwa koposa mwa akulu aja anali Otto Klemperer, Myuda wothawa ku Germany mu 1933, amene ku ukalamba wace anatsogolera gulu la Philharmonia ku London. Iye ayenda ngati njobvu, phazi limodzi-limodzi, ndipo palibe mau amodzi otayika m'njira. Mu 1977 a ku America anaponya kumwamba zombo ziwiri zochedwa Voyager, ciri conse ndi mbale yokutidwa ndi golidi, singano yace, ndi zithunzi zolangiza kaimbidwe kace. Pa nyimbo za mitundu ya anthu zimene anasankha panali Yacisanu ya Klemperer. Malo anacepa, cotero anaikapo cigawo coyamba cokha, ca ndeu cija, zigawo zitatu zinazo nizitsala pansi pano. Mu 2012 Voyager 1 inaturuka m'malire a mphepo ya dzuwa, ndipo irikupitabe.