KODI MTSOGOLERI WA DZIKO ANGAZENGEDWE MLANDU?

Pakati pa Acewa pali mwambi wakuti mutu ukakula sulewa nkhonya. Akuruakuru ponena mau amenewa amatanthauza kuti munthu wokhala pa mpando ayenera kulandira madandaulo a anthu ace, angakhale owawa. Kale mfumu ya pamudzi ikalakwa, mbumba ndi nduna zinali kuiitanira pambali ndi kuidzudzula, ndipo ikakanika, anthu anali kusamuka nakamanga kwina, naisiya yokha pabwinja. Koma anthu a dziko lonse sangasamuke. Munthu wa ku Chazanga, komboni ya kumpoto kwa Lusaka, sangathawe ulamuliro wa Pulezidenti monga makolo ace anathawira mfumu yankhanza. Cifukwa cace m'Malamulo Akuru a dziko munaikidwa njira yocotsera mtsogoleri wolakwa nthawi yace isanathe. Nkhani ino ilongosola kumene njirayo inacokera, ndi m'mene yayendera m'Zambia.

Angerezi amaicha njirayi impeachment. Inayamba ku England m'caka ca 1376, pamene Nyumba ya Malamulo inazenga mlandu Lord Latimer, nduna ya Mfumu Edward III. Kumeneko ozengedwa anali nduna ndi anthu ena, koma mfumu siinali kuzengedwa m'njira imeneyi. Koma anthu a ku America, polemba Malamulo ao Akuru m'caka ca 1787, anati Pulezidenti nayenso angazengedwe. Andrew Johnson anazengedwa m'caka ca 1868, napulumuka cifukwa omtsutsa anaperewera munthu mmodzi yekha. Richard Nixon anatula pansi udindo mu August 1974, ataona kuti mlandu wa Watergate umgwetsa. Bill Clinton anazengedwa mu December 1998 pa mlandu wa kunama atalumbira, pofuna kubisa cibwenzi cace ndi mtsikana wogwira nchito ku White House, koma mu February 1999 anammasula. Mlandu wa Clinton unautsa funso lobvuta, lakuti kodi cimo la m'nyumba ya munthu liri mlandu wa dziko lonse, kapena ai. Funso lomweli linadzamvekanso ku Lusaka.

Malamulo Akuru a Zambia a caka ca 1991, amene anakonzedwanso mu 1996, anaika zipata zinai panjirayi. Coyamba, limodzi la magawo atatu a aphungu a Nyumba ya Malamulo linayenera kulemba maina pa kalata yopita kwa Sipikala, yonena kuti Pulezidenti waswa Malamulo Akuru kapena wacita colakwa cacikuru. Caciwiri, magawo awiri a magawo atatu a aphungu onse anayenera kubvomera kuti nkhaniyo ifufuzidwe. Cacitatu, Woweruza Wamkuru anali kusankha bwalo la oweruza osacepera atatu, kumene Pulezidenti anali ndi ufulu wodziyankhira. Cacinai, bwalolo likapeza kuti mlandu ulipo, magawo atatu a magawo anai a aphungu anayenera kubvomera kuti acoke. Zipatazi zinapangidwa zopapatiza dala, kuti mtsogoleri wosankhidwa ndi anthu asamagwetsedwe ndi nsanje ya anthu owerengeka.

Mtsogoleri amene mbiri yace iphunzitsa zambiri pa nkhaniyi ndi a Frederick Chiluba. Iwo anabadwa m'caka ca 1943, natsogolera bungwe lalikuru la anchito, la ZCTU, kuyambira 1974. Pa masankho a pa 31 October 1991 cipani cao ca MMD cinagonjetsa a Kenneth Kaunda, amene analamulira zaka 27, ndipo m'makomboni a Lusaka munali cisangalalo cacikuru. Zaka zotsatira zinali zowawa. Kampani ya ndege ya Zambia Airways inatsekedwa mu 1994, makampani ambiri a boma anagulitsidwa, migodi ikuruikuru ya mkuwa inagulitsidwa m'caka ca 2000, ndipo anthu zikwizikwi anacotsedwa nchito. Mabanja ambiri anayamba kubvala zobvala zakale zocokera kunja, zimene anthu amazicha salaula.

Ca kumapeto kwa ulamuliro wao, ukwati wa a Chiluba ndi Mai Vera, umene unakhala zaka zoposa 30, unasokonezeka, ndipo unatha m'caka ca 2001. Nkhaniyi inakambidwa m'misika ndi m'mabasi, ena nanena kuti siiyenera munthu amene analengeza mu December 1991 kuti Zambia ndi dziko Lacikristu. Koma mpando sunagwedezeke nayo nkhani ya banjayi. Unagwedezeka cifukwa Malamulo Akuru analola munthu kulamulira zigawo ziwiri zokha za zaka zisanu, ndipo anthu ena a m'cipani anayamba kupfuula kuti malamulowo asinthidwe kuti a Chiluba aimenso kacitatu.

Mu February 2001 mabungwe atatu akuru a mipingo, bungwe la odziwa malamulo la LAZ, ndi bungwe la amai la NGOCC anasonkhana ku Lusaka, napangana kukana cigawo cacitatu. Mgwirizanowo unachedwa Oasis Forum, kutengera dzina la malo amene anakomanako. Anthu anamangirira tinsaru tobiriwira pa malaya ao, ndipo madzulo a tsiku Lacisanu oyendetsa magalimoto anali kuliza mahutala m'miseu ya mzinda. Angakhale m'boma momwemo munabuka mpatuko, pakuti Waciwiri kwa Pulezidenti, a Christon Tembo, pamodzi ndi nduna zina monga a Godfrey Miyanda ndi Mai Edith Nawakwi, anakana poyera. Msonkhano waukuru wa cipani utacitika ku Mulungushi, pafupi ndi Kabwe, kumapeto kwa April, aphungu 22 anathamangitsidwa m'cipani.

Pamenepo aphungu okana aja, pamodzi ndi a zipani zotsutsa, analemba maina okwanira kulowa pa cipata coyamba, napereka kalata yao kwa Sipikala, a Amusaa Mwanamwambwa, kuciyambi kwa May. Pa 4 May 2001 a Chiluba analankhula ku mtundu wonse, nati sadzaimanso. Lamulo linati Sipikala aitanitse Nyumba m'masiku 21, koma Nyumbayo siinakhale kwa miyezi yambiri, ndipo kalata ija siinakambidwe konse. Cotero njira ya malamulo inatsekeka pakati pa cipata coyamba ndi caciwiri. Cinabweza Pulezidenti ndi mau a mipingo, phokoso la m'miseu, ndi kupanduka kwa nduna zace. Kalatayo inangoonjezera kulemera kwa katundu amene anali wolemera kale.

A Chiluba anasankha a Levy Mwanawasa kuti awalowe m'malo, ndipo anthu ambiri anayesa kuti mtsogoleri watsopanoyo adzakhala womvera wa amene anamuika. Sizinatero ai. Malamulo anateteza Pulezidenti wopuma kuti asaimbidwe mlandu pa zimene anacita ali pa mpando, pokhapokha Nyumba ya Malamulo itacotsa citetezoco. Pa 11 July 2002 a Mwanawasa anaima m'Nyumbamo nachula mirandu ya kusakaza cuma ca boma, ndipo pa 16 July aphungu anacotsa citetezo ca a Chiluba. Pakati pa obvomerawo panali aphungu a MMD, cipani comwe cija cimene cinawatetezera caka catha. Mu February 2003 a Chiluba anamangidwa naimbidwa mlandu.

Pakati pa mlanduwo panali thumba la ndarama lochedwa Zamtrop, losungidwa ku London, limene linali m'manja mwa akazitape a boma otsogozedwa ndi a Xavier Chungu. Ndarama za m'thumbamo zinayenera kugwira nchito zacinsinsi zoteteza dziko. Boma linakasuma ku Bwalo Lalikuru la ku London, ndipo pa 4 May 2007 Woweruza Peter Smith anagamula kuti a Chiluba ndi anzao anapatutsa ndarama zokwana madola pafupifupi 46 miliyoni a ku America. Koma cimene anthu wamba anakumbukira koposa ndico mabokosi acitsulo 11 amene ofufuza anagwira ku Lusaka. M'menemo munali malaya 349, majekete ndi masuti 206, ndi mapeyala a nsapato 72, zambiri za zidendene zazitali, popeza mwini wace anali munthu wamfupi. Zobvala zambiri zinasokedwa ku sitolo ya Boutique Basile ku Geneva, kumene kunaperekedwa madola oposa 500,000, pamene malipiro onse a a Chiluba pa zaka khumi anali madola ngati 105,000.

Apa mpamene funso lija la ku America lipezera yankho lace. Kukonda zobvala si mlandu, ndipo Malamulo Akuru sanenapo kanthu pa msinkhu wa munthu kapena cidendene ca nsapato yace. Munthu akagula malaya 349 ndi ndarama za thukuta lace, anzace angamseke, koma alibe comzengera. Malayawo anasanduka nkhani ya dziko pamene kunafunsidwa kuti ndarama zogulira zinacokera kuti. Mai wa ku Chazanga amene anali kusankha salaula pamsika kuti abveke ana ace analibe mau pa ukwati wa ku State House. Koma pa thumba la boma anali nao mau, pakuti mankhwala a kucipatala ndi mabuku a kusukulu acokera m'thumba lomwelo.

Mlandu sunathere pamenepo. A Chiluba anakana ciweruzo ca ku London, nati bwalo lacilendo liribe mphamvu pa iwo, natinso ndarama zimene anagwiritsa nchito zinali mphatso za abwenzi zosungidwa m'thumba lomwe lija. Pa 17 August 2009 bwalo la majisitireti ku Lusaka, pansi pa a Jones Chinyama, linawamasula pa mlandu wa kuba madola 500,000, linati umboni sunakwane. Boma la a Rupiah Banda silinacite apilo, ndipo mu 2010 Bwalo Lalikuru la Zambia linakana kulembetsa ciweruzo ca ku London kuti cigwire nchito m'dziko muno. A Chiluba anamwalira pa 18 June 2011, naikidwa ku Embassy Park, manda a atsogoleri a dziko. Mabwalo awiri anagamula mosiyana, ndipo wophunzira mbiri ayenera kusunga ziweruzo zonse ziwiri m'mutu mwace.

Atsogoleri otsatira anakomana nazo zofanana. Mu August 2003 aphungu otsutsa anayesa kucotsa a Mwanawasa, ndipo cimodzi ca zifukwa zao cinali kusankhidwa kwa a Nevers Mumba kukhala Waciwiri wao. Nkhaniyo inakambidwa m'Nyumba, koma inagwa pa cipata caciwiri. A Rupiah Banda anacotsedwa citetezo mu March 2013, atatsika kale pa mpando, pa nkhani ya mafuta ocokera ku Nigeria, ndipo bwalo linawamasula mu June 2015. Mu March 2018 a Garry Nkombo, phungu wa ku Mazabuka, mothandizidwa ndi a Chishimba Kambwili, anapereka kalata yofuna kucotsa a Edgar Lungu, amene kale anali phungu wa ku Chawama, koma kalatayo siinafike pokambidwa. Ku Malawi nako, aphungu anayesa kucotsa a Bingu wa Mutharika mu 2005, nalephera. Ku Zimbabwe a Robert Mugabe anatula pansi udindo pa 21 November 2017, aphungu atayamba kale kukamba zowacotsa. Koma pamenepo asilikari anali m'miseu, ndipo cipani cao ceniceni cinali citawataya.

Mbiri yonseyi ionetsa cinthu cimodzi. M'Zambia palibe Pulezidenti amene anacotsedwapo ndi Nyumba ya Malamulo ali pa mpando. Kawiri konse Nyumbayo inalimba mtima munthu atatsika kale, mphamvu itasamukira kwa wina. Cifukwa cace sicibisika: Pulezidenti ndiye amagawa unduna, ndipo aphungu ambiri ndi a cipani cace, kotero kuti oyenera kumweruza ndi anthu odya naye mbale imodzi. Citetezo cikacotsedwa pambuyo pace, ena amati ndi cilungamo, ena amati ndi kubwezera, ndipo mlandu umatha zaka zambiri anthu osakhutira.

Komabe mpando wa ku State House wasintha manja mwamtendere. Katatu konse, mu 1991, mu 2011 ndi mu 2021, anthu anatsitsa Pulezidenti wolamulira pa tsiku la masankho: a Kaunda, a Banda, ndi a Lungu. Cimene aphungu analephera kucita ndi kalata, anthu a ku Chazanga, Kanyama, Matero ndi midzi ya kutali anacicita ndi kapepala kakang'ono, ataima pamzere kuyambira mbandakuca.

Mnyamata kapena mtsikana wotsiriza sukulu ayenera kuzindikira cinthu cinanso. Pa tsiku la masankho munthu amasankha Pulezidenti, amasankhanso phungu, ndipo ambiri amayesa phunguyo ndi munthu wobweretsa mipope ya madzi ndi miseu cabe. Koma Malamulo Akuru ampatsa nchito ina yaikuru, yakukhala mlonda pa zipata zija. Phungu amene anasankhidwa cifukwa ca citenje ndi thumba la ufa adzakhala cete pa tsiku limene kalata idzafika kwa Sipikala, ndipo amene anamsankha sadzakhala ndi womdandaulira.