Mmene makalata a pakompyuta anafikira ku Zimbabwe, Zambia ndi Malawi

Masiku ano uthenga umachoka ku Unit K, ku Chitungwiza, n'kufika ku Dedza kapena ku Chipata munthu asanaphethire. N'chifukwa chake ambiri amaganiza kuti intaneti inabwera kwathu ndi makampani a mafoni. Komatu njirayi anayamba kuilambula ndi timagulu ta anthu ochepa amene ankasonkhana pa kompyuta imodzi ndi foni imodzi.

Nkhaniyi inayambira ku America. Mu 1984, Tom Jennings wa ku San Francisco anapanga FidoNet, dongosolo loti makompyuta aziimbirana foni n'kumapatsirana makalata. Kompyuta ya gulu inkasonkhanitsa makalata a mamembala masana onse. Ikakwana nthawi imene anagwirizana, makamaka usiku pamene mtengo wa foni unkatsika, inkaimbira kompyuta inzake, kutula mtolo wake, kulandira wobwera, ndi kudula foni. Foni ikaduka pakati, inkayesanso. Dongosololi linayenerera Africa, kumene mawaya a foni anali osadalirika ndipo kuimba kunja kunali kokwera mtengo. Pa zigawo za FidoNet za dziko lonse, Africa inali chigawo chachisanu.

Ku Harare kunali MANGO, gulu limene mabungwe omwe si a boma anakhazikitsa kuti azigwiritsa ntchito kompyuta imodzi potumizirana makalata. Makalata opita kunja ankadzera ku WorkNet ya ku Johannesburg ndi ku GreenNet ya ku London. Katswiri wa ku South Africa, Mike Jensen, anayenda m'mayiko ambiri kuthandiza kuika makina otere. Bungwe la ku Canada la IDRC linathandizanso ntchito ya ESANET, yolumikiza mayunivesite a ku Kenya, Uganda, Tanzania, Zambia ndi Zimbabwe.

Khomo lina lalikulu linali Rhodes University, ku Grahamstown. Mu November 1991, gulu la Mike Lawrie linalumikiza yunivesiteyo ku intaneti kudzera pa waya wa foni wofika kunyumba ya Randy Bush, ku Portland. University of Zambia inkatumiza makalata ake kudzera ku Rhodes, ndipo ntchito imeneyo inabala ZAMNET, imene inalumikiza Zambia ku intaneti mokwanira mu 1994. Ku Maputo ntchitoyi inali m'manja mwa Universidade Eduardo Mondlane. Ku Zomba, Dr Paulos Nyirenda wa ku Chancellor College ndi amene anatsogolera ntchito ya makalata a pakompyuta, kampani ya MalawiNet isanayambe kugulitsa intaneti mu 1997.

Pamagulu onsewa panali munthu mmodzi amene mbiri imakonda kumuiwala: woyang'anira kompyuta ya gulu. Iyeyu ndiye ankalemba mayina a mamembala, kugawa ndalama zolipirira foni, kuphunzitsa atsopano, ndi kuonetsetsa kuti makina aimba pa nthawi yake. Ankaweruzanso milandu. Popeza tsamba lililonse lotumizidwa kunja linali ndalama, munthu wolemba zosapindula kapena wotukwana mnzake ankawononga chuma cha gulu lonse. Malamulo a FidoNet a mu 1989 anafupikitsa nkhaniyi ndi mfundo ziwiri: munthu asamasowetse anzake mtendere mopyola muyeso, ndiponso iye mwini asamapse mtima msanga. Amene anakhalapo m'gulu lothandizana pa maliro, monga magulu amene makolo athu ochokera ku Nyasaland anayambitsa m'migodi ndi m'makomboni a ku Southern Rhodesia, aona kuti nzeruyi si yachilendo. Gulu limakhalapo chifukwa cha mlembi wokhulupirika, msungichuma wosabisa kanthu, ndi wapampando wodziwa kuziziritsa mkangano. Mutu umodzi susenza denga, komabe denga limafuna mzati.

Tsono tisabise kuti makalata amenewa sanali a aliyense. Chitungwiza, imene inapangidwa mu 1978 pophatikiza Seke, Zengeza ndi St Mary's, inali malo ogona a anthu ogwira ntchito ku Harare, ndipo foni ya m'nyumba inali yosowa. Amene ankaifuna ankadikira zaka pa mndandanda wa bungwe la boma la PTC. Choncho makompyuta anatsalira m'maofesi ndi m'mayunivesite, ndipo zolembedwamo zinali pafupifupi zonse m'Chingerezi. Mdzukulu wa munthu wa ku Ntcheu wokhala ku Seke ankadalirabe positi, kapena wapaulendo wopita kumudzi. Zinthu zinayamba kusintha pamene Strive Masiyiwa anapambana milandu yake yolimbana ndi boma, kampani ya Econet n'kuyamba ntchito mu 1998.

Lero vuto la makina latha, chatsala ndi vuto la chilankhulo. Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a mu 2013 anaika Chichewa pa zilankhulo 16 zovomerezeka, koma lamulo palokha sililemba kalata. Ana ambiri a ku Chitungwiza amene agogo awo anachokera ku Malawi, ku Chipata kapena ku Tete amalemberana m'Chishona ndi m'Chingerezi, Chichewa n'kumangomveka pa maliro ndi pa gule wamkulu. Ngati tikufuna kuti chizilembedwa, pakufunika anthu onga oyang'anira akale aja: olandira mlendo amene Chichewa chake chasakanikira ndi Chishona kapena Chipwitikizi popanda kumuseka, oletsa chipongwe, ndi osunga zolembedwa kuti obwera m'mbuyo adzazipeze.