Za Ulendo wa Nsaru kufikira ku Mzimba

Ife amene tigula nsaru m'sitoro pa Boma la Mzimba, kapena ku Embangweni, sitiganizira kawirikawiri za manja amene inapitamo. Tiyeni tibwerere m'mbuyo pang'ono.

M'caka ca 1878 amalonda a ku Glasgow anayambitsa kampani, naituma ndi abale awiri, John ndi Frederick Moir. Anthu anaicha Mandala, cifukwa ca magalasi a m'maso a John. Mphamvu yace inali iyi: inagula nsaru, mikanda ndi waya mocuruka komweko ku Ulaya kumene zipangidwa, pa mtengo wocepa. Mitumba inakwera Zambezi ndi Shire, nisenzedwa pamutu polambalala mathithi, nilowanso m'sitima ya pa nyanja. Pomwepo amtengatenga anakwera nayo mapiri a Viphya, thukuta liri kamukamu. Pa sitepe iri yonse mtengo unakula.

Angoni atalowa m'manja a Boma m'caka ca 1904, msonkho unadza, ndipo anyamata anamka ku Harare ndi ku Joni kukafuna ndarama. Ambiri pobwera anamanga kantini pamudzi. Koma kodi akanapikula kuti? Kwa Mandala kapena kwa Amwenye, amenenso anali kugulitsa mipande yomweyo pa Boma. Wa kantini anali dzanja lotsiriza, ndipo phindu lace linali nyenyeswa. Abale nawonso anatenga pa ngongole osabweza.

M'zaka za m'ma 1970 Dr. Banda anacotsa Amwenye kumidzi, ndipo a makantini anayamba kupikula ku Chipiku. Cipangizo ca nsaru cinakhalabe kutari ndi iwo.