Ndotolu ndi Anna: banja la pa phili la Kalene

Nyengo ya cinanazi ikafika, pa Masala kuno ku Ndola ndi pa Chisokone ku Kitwe timamva liu limodzi: ca ku Mwinilunga. Timagula, timasenda, timadya. Ambili a ife a ku Itawa sitinapondeko kwao kwa cinanazico, kumene Zambia imakumana ndi Angola ndi Congo, pafupi ndi pamene mtsinje wa Zambezi umayambila. Kumeneko kuli phili lochedwa Kalene, ndipo pamwamba pake panakhala mwamuna ndi mkazi amene nkhani yao inadzafika mpaka kuno ku migodi.

Walter Fisher anabadwa mu 1865 ku England ndipo anaphunzila udokotala pa Guy's Hospital ku London. Mu 1889 anatsika combo pa Benguela, ku Angola, pamodzi ndi gulu la Frederick Stanley Arnot, mmishonale wa mpingo wa Brethren, umene kuno timaudziwa kuti CMML. Anna Darling anali nesi. Awiliwa anakwatilana mu 1892 ku Angola komweko, kutali ndi makolo ao.

Njila imene analowela nayo mkati mwa dziko inali ya malonda a akapolo. Iwo akupita kum'mawa, anali kukumana ndi milongo ya anthu omangidwa akupita ku nyanja, ena okagulitsidwa ku minda ya koko ya pa cisumbu ca São Tomé. Ife tikamapita pa mtengo wa akapolo wa mu Makoli Avenue timaona ngati ni nkhani ya makedzana. Kwa banjali zinali za pakhomo: othawa ndi oomboledwa anali kubwela kudzakhala pafupi ndi misoni, ndipo ena mwa Akhristu oyamba anacokela mwa iwo.

Atagwila nchito pa Kavungu ndi pa Kazombo, anasamukila ku Kalene mu 1906, pakati pa anthu a Cilunda. Panali patangopita zaka ziwili boma la Ndola litakhazikitsidwa mu 1904, ndipo njanji inali isanafike kuno. N'cifukwa ciani anasankha phili la miyala, kumene madzi ayenela kutungidwa pansi ndi kukwezedwa pamutu? Yankho ni udzudzu. Malungo anali atatha amishonale anzao ambili m'zigwa za Angola, ndipo iwo eni anali ataikako mwana m'manda. Mu 1897 Ronald Ross anali ataonetsa kuti malungo amayenda ndi udzudzu, conco Fisher anafuna malo okwela, a mphepo, kumene odwala ndi anchito otopa angapezeko mphamvu.

Tsiku pa Kalene silinali la ulaliki cabe. Kunali kutsuka zilonda, kuzula mano, kupeleka kwinini, kucita opaleshoni popanda magetsi. Mankhwala, nsalu ndi makalata zinali kubwela pamitu ya amtengatenga, ulendo wa milungu yambili, ndipo cinthu cikatha cinali catha ndithu. Dokotala yemweyo anali womanga nyumba ndi woweluza tumilandu twa pa misoni. Alunda anamucha Ndotolu, kutengela liu lakuti dokotala, ndipo dzinali ndilo linakhala mutu wa buku la moyo wa banjali.

Mabuku a mbili amakonda kuika mwamuna patsogolo, koma nchito imene imatigwila mtima kwambili ni ya Anna. Masiku amenewo mai akamwalila pobeleka, khanda linalibe woliyamwitsa, ndipo nthawi zina linali kuikidwa pamodzi ndi mai wake. Anna anapulumutsa khanda lotelo, nalilela. Mbili itamveka, anthu anayamba kubweletsa makanda ena, ndipo umu ndi mmene nyumba ya ana amasiye inayambila. Pambuyo pake inasamukila ku famu ya Hillwood, ya mwana wao ffolliott Fisher. Analandilanso azimai okalamba amene anathamangitsidwa m'midzi powanena kuti ni mfiti, nawapatsa pokhala pafupi ndi misoni. Zonsezi anali kucita akulelanso ana ake, akuyang'anila khichini, akuthandiza m'cipatala.

Apa tiyenela kudziyang'ana tokha. Makanda sitiikanso m'manda amoyo, koma agogo onenezedwa ufiti tikali kuwamva m'nkhani, ena akumenyedwa, ena akuochedwela nyumba, m'makomboni mwathu momwe muno. Kawilikawili amene amanyamula miyala ni a msinkhu wathu. Mzimai wocokela kutali anatsegulila citseko nkhalamba zimene adzukulu ao anazikana, zaka zoposa 100 zapitazo. Ife tili ndi mafoni ndi masatifiketi, koma funso lake likali pakhomo pathu.

Sitikamba izi kuti tiwasandutse angelo. Misoni inakula m'nthawi imene British South Africa Company inali kulanda ulamulilo ndi kukhometsa msonkho, ndipo mzungu, ngakhale wacifundo, anali ndi mphamvu zimene Mlunda analibe. Amishonale anatsutsa miyambo yambili, yoipa pamodzi ndi yabwino yomwe. Sukulu ya Sakeji, imene inatsegulidwa mu 1925, inamangidwila ana a amishonale, osati a m'midzi yozungulila. Ndipo amene anasenza katundu, kuumba njelwa, kutunga madzi ndi kugona ndi makanda usiku anali Alunda, amene maina a ambili a iwo sanalembedwe. Mutu umodzi susenza denga, koma pa cithunzi pamaoneka mutu umodzi.

Walter anamwalila mu 1935, caka comwe anchito a m'migodi ananyanyala nchito koyamba, apolisi n'kuombela anthu ku Luanshya. Anna anamutsatila mu 1938. Mwana wao Charles Fisher anakhala dokotala pa mgodi wa Roan Antelope ku Luanshya komweko, ndipo mkazi wake Monica nayenso anali dokotala. Anadzakhazikika ku Kitwe. Motelo ena mwa agogo athu amene anabwela ku migodi kucokela ku Chipata, ku Petauke kapena ku Nyasaland anapimidwa ndi mwana wa pa phili lija.

Cipatala ca Kalene cikali kugwila nchito, cili ndi sukulu ya manesi, ndipo odwala amabwela ngakhale ocokela ku Angola ndi Congo. Kuyambila mu 2007 cimalandila magetsi a Zengamina, opangidwa ndi madzi a Zambezi akali kamtsinje. Manesi a lelo ni ana a Zambia, ena a iwo ocokela m'matauni ngati athu. Tikamaliza kozi n'kumva kuti atitumiza ku Ikelenge, ambili timayamba kufunafuna wotisinthila dzina. Tisanatelo, tikumbukile kuti ku phili limenelo kuli odwala amene akali kuyembekezela wina wovomela kukhala nao.